Mankhwala a khansa odzutsa chitetezo cha m'thupi: zopimitsa musanayambe ndi zoyang'anira mukabwerera kunyumba

Munthu wa ku Chipata, Katete kapena Lundazi akapezeka ndi khansa, njira zimene amamva kawirikawiri ndi zitatu: opaleshoni, kemo, ndi kuwotcha chotupa ndi makina ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. Pali njira yachinayi imene madokotala amaitcha immunotherapy. Mankhwala ake amachititsa kuti maselo oteteza thupi aione khansayo n'kuiwononga. Odwala ena amene kale akanangouzidwa kuti akapumule kunyumba ali moyo lero chifukwa cha mankhwalawa. Kwa odwala ambiri sachita kanthu. Chosiyanitsa magulu awiriwa chimaoneka makamaka pa kanyama kodulidwa pa chotupa, choncho banja lisagulitse ng'ombe kapena kuika munda pa chikole kanyamako kasanapimidwe.

Tiyambe ndi kuchotsa chisokonezo chimodzi. Ufa wa chamwamba, masamba a zitsamba, timadzi ta m'mabotolo togulitsidwa pa WhatsApp ndi mapiritsi olembedwa kuti amakweza chitetezo, zonsezi sizikugwirizana ndi chithandizo chimene tikunena pano. Munthu wa khansa nthawi zambiri chitetezo ali nacho. Vuto ndi lakuti khansayo yapeza njira yochizembera. Zitsamba zina zimatupitsanso chiwindi, ndiye zotsatira za magazi zikaipa dokotala amalephera kudziwa ngati walakwa ndi mankhwala ake kapena chimene wodwala akumwa mobisa.

Mmene amagwirira ntchito

Mwa maselo oyera a m'magazi muli gulu lotchedwa maselo a T. CD4 imene amawerenga ku kiliniki ya ma ARV ili m'gulu lomweli, ndipo anzake otchedwa CD8 ndi amene amapha selo lodwala. Kuti asawononge ziwalo zabwinobwino, thupi linawaikira zoletsa, ndipo ziwiri zodziwika bwino ndi CTLA-4 ndi PD-1. Khansa zina zimadzikuta ndi puloteni yotchedwa PD-L1. Iyi ikakhudzana ndi PD-1, selo la T limafooka n'kuisiya khansayo ikukula.

Tasuku Honjo wa ku Japan anapeza PD-1 mu 1992, ndipo James Allison wa ku America anasonyeza m'zaka zomwezo za m'ma 1990 kuti kutseka CTLA-4 kumathetsa zotupa mu mbewa za mu labotale. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2018. Mankhwala oyamba a mtunduwu, ipilimumab, otseka CTLA-4, anavomerezedwa ku America mu 2011, ndipo pembrolizumab ndi nivolumab, otseka PD-1, anatsatira mu 2014. Zili ngati kumasula galu wolusa amene anali pa unyolo: wakuba amugwiradi, koma akhoza kulumanso mwana wa pakhomo. Ubwino wa mankhwalawa ndi zovuta zake zonse zimachokera pamenepo.

Pali mtundu wina wakale kuposa umenewu, umene umapezeka mosavutirapo ndipo mtengo wake unatsika chifukwa makampani ambiri akuupanga tsopano. Awa ndi mapuloteni opangidwa kuti amamatire pa chizindikiro chimodzi cha selo la khansa, kuti chitetezo chilizindikire. Rituximab, wa mu 1997, amamatira pa CD20 ya khansa zina za mwanabele. Trastuzumab, wa mu 1998, amamatira pa HER2 ya khansa zina za m'mawere.

Yambani ndi lipoti la kanyama

Kungouzidwa kuti "ndi khansa ya m'bere" kapena "ndi khansa ya kummero" sikokwanira. Pemphani lipoti lolembedwa lochokera kwa dokotala wopima tinyama, lijambuleni pa foni, ndipo lenileni lisungeni mu pulasitiki. Funsaninso kumene kwasungidwa kanyamako. Ku labotale amakaumitsa mu phula n'kukapatsa nambala, ndipo kamakhala zaka zambiri osawonongeka. Mukadziwa nambalayo, kupima kwina kulikonse kungachitike pa kanyama komweko popanda kudulanso wodwala.

Apa pali cholakwika chimene chimachitika mwakachetechete. Kanyama kayenera kumizidwa mu fomalini pasanathe ola limodzi kuchokera pamene kadulidwa, ndipo kakhalemo pakati pa maola 6 ndi 72. Kakauma pa tebulo, kapena kakakhala m'botolo milungu yambiri kudikira galimoto yopita nako ku labotale, zizindikiro monga HER2 zimazimiririka, ndipo zotsatira zimatuluka kuti palibe pamene zilipo. Musanalowe mu opaleshoni funsani kuti kanyamako kanyamuka liti, ndipo ngati pali njira yoti kafulumire, itsateni.

Zopima zimadalira mtundu wa khansa. Pa khansa ya m'mawere, lipoti lisonyeze ER ndi PR, zoonetsa ngati khansayo imakula ndi mahomoni a amayi, ndiponso HER2. HER2 ikalembedwa 3+, trastuzumab amathandiza. Ikalembedwa 2+, pamafunika kupima kwachiwiri kotsimikizira. Ikakhala 0 kapena 1+, trastuzumab wamba ndi kutaya ndalama. Zitatu zonse zikatuluka kuti palibe, ndi pamene pembrolizumab wophatikiza ndi kemo angaganiziridwe. Pa khansa ya mwanabele, pafunika CD20. Pa khansa ya khomo la chiberekero, ya kummero, ya m'mimba ndi ya m'kamwa kapena pakhosi, amapima PD-L1 ndi kulemba nambala yotchedwa CPS. Pa khansa ya khomo la chiberekero imene yafalikira kapena kubwerera, malire ake ndi CPS ya 1 kupita m'mwamba. Pa khansa ya m'matumbo aakulu ndi ya mkati mwa chiberekero, funsani za MMR kapena MSI. Kupima kumeneku kumaonetsa ngati khansayo inalephera kukonza zolakwika za mu DNA yake. Khansa zotere zimaoneka zachilendo kwambiri kwa maselo a T, ndipo ndi zimene zimamva mankhwalawa koposa. Mu 2022 madokotala a ku Memorial Sloan Kettering ku New York anafalitsa zoti odwala 12 oyamba a khansa ya kumapeto kwa matumbo ya mtundu umenewu, atalandira dostarlimab, mankhwala ena otseka PD-1, kwa miyezi 6, chotupa chinasowa mwa onse popanda opaleshoni. Nkhaniyi inazungulira kwambiri pa Facebook, koma ambiri oigawa sanatchule kuti khansa za m'matumbo za mtundu umenewu ndi zochepa chabe.

Zoyembekezera zikhale zoona

Pa khansa zambiri zimene zafalikira, mankhwala a PD-1 akaperekedwa okha amachepetsa chotupa mwa munthu pafupifupi mmodzi pa asanu. Chodabwitsa chake ndi chakuti mwa ena amene amvera, khansayo imakhala itagona zaka zambiri, ngakhale mankhwala atasiyidwa. Pa kafukufuku wotchedwa CheckMate 067, wa khansa ya pakhungu ya melanoma yofalikira, odwala 43 pa 100 alionse amene analandira nivolumab ndi ipilimumab pamodzi anali moyo patatha zaka 10, pa matenda amene kale ankapha ambiri chaka chisanathe. Komabe melanoma imene timaiona kuno imamera kawirikawiri kuphazi kapena pansi pa chikhadabo, ndipo imeneyi simva mankhwalawa ngati mmene imamvera ya azungu yoyamba ndi dzuwa. Chilonda chakuda cha kuphazi chosapola chikufuna mpeni wa dokotala msanga.

Khansa ya khomo la chiberekero, imene imapha amayi ambiri m'Zambia kuposa khansa ina iliyonse, ili ndi nkhani yabwinoko. Kuyambira 2021 pembrolizumab amaphatikizidwa ndi kemo pa imene yafalikira, ndipo mu 2024 anavomerezedwa ku America kuti aziperekedwa limodzi ndi kuwotcha pa siteji 3 ndi 4A. Apa mvetsani bwino: amawonjezera pa kuwotcha ndi kemo ya cisplatin, salowa m'malo mwake. Mayi amene wapatsidwa tsiku loyamba kuwotcha asalisinthe podikira kuti ndalama za pembrolizumab zikwane. Pa khansa ya chiwindi, atezolizumab, wotseka PD-L1, amaperekedwa pamodzi ndi bevacizumab, woletsa kukula kwa mitsempha yodyetsa chotupa, koma asanayambe ayenera kuunika kummero ndi kamera, chifukwa amene chiwindi chawo chinauma amakhala ndi mitsempha yotupa kumeneko ndipo bevacizumab angaiphulitse.

Magazi ndi zina zopima musanalandire diripi yoyamba

Zambiri mwa izi mungathe kupimitsa ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete musananyamuke, kuti masiku okhala ku Lusaka achepe. Pafunika kuchuluka kwa magazi, mmene impso ndi chiwindi zikugwirira ntchito, shuga, TSH ya chithokomiro, X-ray ya pachifuwa, ECG ya mtima, ndiponso kupima mimba kwa mayi amene akusambabe. Manambala oyambirirawa ndi ofunika chifukwa pambuyo pake dokotala amafanizira ndi amenewa.

Matenda atatu ofala kuno amafuna chidwi chapadera. Hepatitis B apimidwe ndi njira ziwiri, HBsAg ndi anti-HBc. Rituximab amadzutsa kachilombo kameneka ngakhale mwa munthu amene anachira kalekale, ndipo chiwindi chikhoza kulephereratu. Choteteza ndi tenofovir kapena entecavir, woyamba diripi isanayambe n'kupitiriza pafupifupi chaka mankhwala atatha. Amene akumwa ma ARV a TLD ali kale ndi tenofovir, ndiye asadumphitse. Chachiwiri ndi TB: chifuwa chilichonse chipite ku makina opima makhololo a GeneXpert chithandizo chisanayambe. Chachitatu ndi HIV. Kukhala ndi kachilombo sikumuletsa munthu kulandira mankhwala a PD-1. Kafukufuku wasonyeza kuti amene akumwa ma ARV bwino amawalandira popanda zovuta zoposa za anthu ena. Tengani zotsatira zatsopano za CD4 ndi za kuchuluka kwa kachilombo m'magazi.

Uzani dokotala ngati wodwala ali ndi matenda amene thupi limadziukira lokha, monga lupus kapena nyamakazi yotupitsa mfundo, ngati anaikidwapo impso ya munthu wina, kapena ngati akumwa prednisolone, steroid wochepetsa kutupa, wopitirira 10 mg pa tsiku. Impso yoikirira ikhoza kukanidwa, ndipo prednisolone wochuluka amafooketsa maselo omwewo amene mankhwala akufuna kuwadzutsa. Mayi asatenge mimba pa nthawi yonse ya chithandizo ndi miyezi 4 pambuyo pa pembrolizumab, kapena miyezi 5 pambuyo pa nivolumab, ndipo asayamwitse.

Kuwerengera mankhwala ndi ndalama

Pembrolizumab amaperekedwa 200 mg milungu itatu iliyonse kapena 400 mg milungu 6 iliyonse, mpaka zaka ziwiri ngati akugwira ntchito. Kabotolo kamodzi kamakhala ndi 100 mg, ndiye zaka ziwiri ndi timabotolo 70. Ku America mtengo wa 200 mg umaposa madola 10,000. Nivolumab ndi 240 mg milungu iwiri iliyonse kapena 480 mg pamwezi. Trastuzumab amatsata kulemera kwa munthu: 8 mg pa kilogalamu koyamba, kenako 6 mg pa kilogalamu milungu itatu iliyonse kwa chaka, kutanthauza kuti mayi wa makilogalamu 60 alandira 480 mg kenako 360 mg. Amafunanso kuunika mtima miyezi itatu iliyonse chifukwa angaufooketse. Rituximab ndi 375 mg pa sikweya mita ya thupi, pafupifupi 600 mg kwa munthu wamkulu wa thupi lapakati, masiku 21 alionse limodzi ndi kemo ya CHOP, kawirikawiri ka 6.

Musanavomere, funsani dokotala mafunso anayi ndipo lembani mayankho ake: cholinga ndi kuchiza kapena kutalikitsa moyo, mankhwala afunika kangati, chipatala chili nawo okwana maulendo onsewo kapena ena mudzagula, ndipo inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA ilipira mbali iti. Wonkhetsani ndi mtengo wa basi, pogona ndi chakudya cha wodwazika, poti Chipata ndi Lusaka zatalikirana pafupifupi makilomita 570. Kwa wa kuno, njira ya milungu 6 imadula maulendo ndi theka, ndiye ifunseni.

Ndi bwinonso kufunsa za mlingo wochepa. Ku Tata Memorial Hospital ku Mumbai anayesa nivolumab wa 20 mg yokha milungu itatu iliyonse, wophatikiza ndi mapiritsi a kemo, pa khansa ya m'kamwa ndi pakhosi. Patatha chaka, odwala 43 pa 100 anali moyo, poyerekeza ndi 16 pa 100 mwa amene anamwa mapiritsi okha. Izi zinayesedwa pa khansa imeneyo yokha, ndipo mlingo ndi nkhani ya dokotala wa khansa. Si zoti banja ligawe kabotolo lokha. Bungwe la WHO linaika mankhwala a PD-1 pa mndandanda wa mankhwala ofunika mu 2019 pa melanoma, ndipo mu 2025 linawonjezera khansa zina kuphatikizapo ya khomo la chiberekero.

Ngati mukugula nokha, gulani ku famase yovomerezeka ndi ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, ndi kalata ya dokotala, ndipo sungani lisiti yolembedwa nambala ya gulu la mankhwalawo. Mankhwala odula chotere amakopa opanga achinyengo, ndipo wotsika mtengo modabwitsa wobwera m'chikwama cha munthu ndi wokayikitsa. Amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8. Akaundana awonongeka ngakhale ataoneka bwinobwino, ndiye mu bokosi loziziritsira musawagundanitse ndi ayezi. Ikani katoni kapena nsalu yopinda pakati. Musawakhutchumule. Poti magetsi amatha kuzima, firiji ya kunyumba si malo ake. Konzani kuti achoke kwa wogulitsa n'kupita molunjika ku famase ya chipatala.

Tsiku la diripi

Pembrolizumab ndi nivolumab amalowa kwa mphindi 30, ndipo ambiri amanyamuka okha popanda kusanza kapena kuthothoka tsitsi. Trastuzumab woyamba amatenga mphindi 90. Rituximab ndiye wofuna kuleza mtima: amayamba ndi panado ndi piritoni, kenako diripi imayamba pa 50 mg pa ola n'kumakwezedwa mphindi 30 zilizonse, moti tsiku loyamba lingatenge maola 4 kapena kuposa. Kunjenjemera, kutentha thupi, kuyabwa kapena kubanika zikayamba, itanani anesi nthawi yomweyo. Amaimitsa diripi, kupereka mankhwala, n'kuyambiranso pang'onopang'ono. Wodwazika asakhudze kotsegulira diripi pofuna kupeza basi ya madzulo.

Musanachoke, pemphani khadi kapena kalata yolembedwa dzina la mankhwala, tsiku limene alandira, ndi nambala ya foni yofikira gulu la dokotala wa khansa. Iziyenda limodzi ndi khadi la kuchipatala.

Kunyumba ndi kumene kuli ntchito yaikulu

Zovuta za mankhwala a PD-1 ndi CTLA-4 sizibwera tsiku lomwelo ngati za kemo. Zambiri zimayamba m'miyezi itatu kapena inayi yoyambirira, wodwala ali kumudzi, ndipo zimafanana ndendende ndi matenda athu a masiku onse. Amene akulandira PD-1 yekha, 10 mpaka 15 pa 100 amakumana ndi vuto lalikulu. Amene akulandira nivolumab ndi ipilimumab pamodzi, oposa theka. Choyambitsa ndi maselo a T amene akuukira chiwalo chabwino, ndiye mankhwala ophera majeremusi sathetsa. Chothetsa ndi kuimitsa diripi ndi kupereka steroid msanga. Pa kiliniki iliyonse, mawu oyamba akhale akuti, "Adokotala, odwalawa ali pa immunotherapy, khadi lake ndi ili."

Kutsekula m'mimba ndi kumene kumapusitsa ambiri. Musanayambe chithandizo, dziwani kuti wodwala amapita kuchimbudzi kangati pa tsiku, ndipo muziwerenga maulendo owonjezera pa nambala imeneyo. Owonjezera akakhala osakwana 4, popanda magazi kapena kupweteka, amwe ORS ndipo imbani foni tsiku lomwelo. Akafika 4 mpaka 6, kapena mukaona magazi kapena zonanda, kapena m'mimba mukupota, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Akafika 7, ayenera kugonekedwa. Kuchipatala apime chimbudzi ndi malungo, chifukwa kamwazi ndi njoka za m'mimba sizinasamuke poti munthu ali pa mankhwala odula. Koma zikapanda kupezeka, asadikire. Cholakwika chofala ndi kugula fulajilo ndi loperamide woletsa kutsekula n'kudikira sabata yathunthu. Loperamide amabisa chiwerengero pamene matumbo akutupirabe, ndipo matumbo otupa akhoza kubooka.

Mlingo wa prednisolone pa vuto lapakati ndi theka la miligalamu mpaka 1 mg pa kilogalamu tsiku lililonse. Kwa munthu wa makilogalamu 60, 1 mg pa kilogalamu ndi mapiritsi 12 a 5 mg, omwa m'mawa atadya. Ambiri amaopa kuchuluka kwake n'kumamwa awiri kapena atatu, ndipo vuto silitha. Pa vuto lalikulu amapereka methylprednisolone wa mumtsempha, 1 mpaka 2 mg pa kilogalamu. Pakapita masiku atatu mpaka asanu osasintha, pamafunika mankhwala achiwiri monga infliximab, ndipo amenewa amadzutsa TB yogona, n'chifukwa chake X-ray yoyamba ija imafunika. Zinthu zikayamba kukhala bwino, prednisolone amachepetsedwa pang'onopang'ono kwa milungu 4 mpaka 6. Kusiya mwadzidzidzi kumabweza vutolo, nthawi zina mwamphamvu kuposa poyamba. Amene akumwa 20 mg kapena kuposa kwa mwezi apatsidwenso seputirini woteteza chibayo, ndipo shuga azipimidwa.

Chifuwa chouma chatsopano kapena kupuma movutikira pokwera kamtunda kamene kale sikanali kovuta kungakhale kutupa kwa mapapo. Mpweya ukapimidwa pa chala n'kupezeka pansi pa 92, kapena ukatsika kwambiri wodwala atayenda pang'ono, ndi nkhani yachangu. Apa dokotala ali pakati pa zoopsa ziwiri: steroid woperekedwa kwa munthu wa TB yosachizidwa amaikulitsa, koma kudikira masiku ambiri kumapha wa mapapo otupa. Njira yake ndi kupima GeneXpert ndi X-ray tsiku lomwelo, kujambula CT ngati ilipo, ndi kuimbira dokotala wa khansa asanasankhe.

Kutopa kosaneneka kumanamiziridwa malungo kapena khansa yomweyo, pamene nthawi zina ndi tiziwalo totulutsa mahomoni. Chithokomiro chimafooka mwa munthu pafupifupi mmodzi pa 10: kuzizidwa, kudzimbidwa, kutupikana, ulesi. TSH izipimidwa pafupifupi milungu 6 iliyonse. Ili ndi vuto losavuta. Amamwa levothyroxine ndipo diripi imapitirira, ngakhale piritsilo kawirikawiri limakhala la moyo wonse. Choopsa ndi kusowa kwa homoni ya cortisol: kufooka, chizungulire poimirira, kusanza, BP yotsika, mchere wa sodium wotsika m'magazi, nthawi zina ndi mutu waukulu. Munthu wotere akakomoka amafunika jakisoni wa hydrocortisone wa 100 mg ndi diripi ya madzi a mchere pompopompo. Zonse ziwiri zikafooka, hydrocortisone ndiye ayambe, levothyroxine atsatire; kusinthanitsa kungamugwetse wodwala. Ludzu lalikulu ndi kukodza pafupipafupi zikayamba mwadzidzidzi, pimani shuga tsiku lomwelo. Shuga wa mtunduwu amabwera mwaliwiro, samva mapiritsi kapena steroid, ndipo amafuna insulini.

Chiwindi chimatupa mosamveka ululu, n'chifukwa chake magazi amapimidwa diripi iliyonse isanaperekedwe. ALT, nambala yosonyeza kutupa kwa chiwindi, ikapitirira katatu pa malire ake, diripi imaimitsidwa; ikapitirira kasanu, ndi vuto lalikulu. Maso achikasu ndi mkodzo woderako ndi zizindikiro zochedwa. Totupa toyabwa pakhungu ndi tofala ndipo timamva mafuta a steroid, koma matuza, khungu losupuka, kapena zilonda m'kamwa ndi m'maso zikufuna kugonekedwa. Kutupa kwa mtima kumagwira ochepa, pafupifupi mmodzi pa 100, makamaka m'milungu yoyambirira, koma n'koopsa kwambiri ndipo kumapha. Kupweteka pachifuwa, mtima kuthamanga, zikope kugwa kapena minofu kufooka mwadzidzidzi, musagone nazo.

BCG ya m'chikhodzodzo

Katemera wa BCG yemwe uja amene anasiya chipsera pa mkono wa ambiri a ife ndi chithandizo cha khansa kuyambira 1976, pamene Alvaro Morales wa ku Canada anasonyeza kuti akathiridwa m'chikhodzodzo amachepetsa kubwerera kwa chotupa. Amathandiza pa khansa ya mtundu wa urothelial imene sinalowe mu mnofu wa chikhodzodzo, chotupa chitapalidwa kale. Kumadera a likodzo, monga kuchigwa cha Luangwa, khansa ya chikhodzodzo yambiri imakhala ya mtundu wina, wa squamous, umene BCG sauthandiza. Apanso lipoti la kanyama ndilo limagamula. Munthu wamkulu amene akukodza magazi atamwa kale praziquantel aunikidwe chikhodzodzo, asangopatsidwa mapiritsi omwewo kachiwiri ndi kachitatu.

Amathira kudzera pa kapaipi kamodzi pa sabata kwa milungu 6, kuyambira patapita milungu iwiri kapena kuposa chichitireni opaleshoni, kenako maulendo atatu atatu pa mwezi wa 3, wa 6 ndi wa 12, nthawi zina mpaka zaka zitatu. Wodwala achepetse kumwa madzi maola 4 asanapite, ndipo asunge mkodzo maola awiri akathiridwa. Kwa maola 6 otsatira akodze atakhala pansi, athire makapu awiri a Jik m'chimbudzi n'kudikira mphindi 15 asanagwetse madzi, ndipo asambe m'manja ndi kumaliseche ndi sopo. Agwiritse ntchito kondomu kwa sabata. Tsiku limene mkodzo uli ndi magazi ooneka, kapena kapaipi kavulaza njira, kapena pali matenda a mkodzo, asathiridwe, chifukwa majeremusi a BCG ndi amoyo ndipo angalowe m'magazi. Wa TB ndi wa chitetezo chotsika kwambiri sapatsidwa. Kuwotcha pokodza kwa tsiku limodzi kapena awiri n'kozolowereka, koma kutentha thupi kopitirira 38.5 kosatsika patatha masiku awiri, kapena kunjenjemera koopsa, kukufuna chipatala ndi mankhwala a TB. Dokotala akumbukire kuti BCG samva pyrazinamide.

Zimene mumva pa intaneti

CAR-T ndi njira imene amatenga maselo a T a wodwala, kuwasintha mu labotale kwa milungu itatu kapena inayi, n'kuwabwezera. Yoyamba inavomerezedwa ku America mu 2017 pa mtengo wa madola 475,000, ndipo India inavomereza yake yotsika mtengo mu 2023. Imagwira pa khansa zina za m'magazi ndi za mwanabele, ndipo imafuna chipatala chokhala ndi chipinda cha odwala mwakayakaya ndi mankhwala a tocilizumab, oziziritsa chitetezo chikalusa kwambiri, pafupi. Wokulonjezani CAR-T kapena katemera wochiza khansa ya m'mawere, ya chiwindi kapena ya khomo la chiberekero pa malipiro, funsani kuti ndi kafukufuku wolembetsedwa kuti.

Zina zogwiritsa ntchito chitetezo chomwecho zili kale pa kiliniki ya pafupi, ndipo n'zaulere. Khansa ya Kaposi ikagwidwa idakali timadontho tochepa pakhungu, kawirikawiri imachepa ndi ma ARV okha chitetezo chikabwerera. Ikafika m'mapapo kapena kutupitsa miyendo pamafunika kemo. Katemera wa HPV wa atsikana, amene anayamba m'dziko lonse mu 2019, ndi wa hepatitis B amene makanda amalandira pa milungu 6, 10 ndi 14, amatchinga khansa isanayambe.

Kudziwa ngati akugwira ntchito

Sikani yoyamba imajambulidwa pakati pa milungu 9 ndi 12. Musaweruze ndi diripi imodzi kapena ziwiri. Mwa odwala osakwana 10 pa 100, chotupa chimaoneka chokulirapo poyamba chifukwa maselo oteteza adzazamo, kenako n'kuchepa. Dokotala amaganizira zimenezi pokhapokha wodwala akudya, akuyenda ndipo ululu sukuwonjezeka, ndipo amajambulanso patapita milungu 4 mpaka 8. Ngati sikani yaipa ndipo wodwala akuwonda n'kufooka, ndiye kuti khansa ikukuladi. Apo kugula timabotolo tina sikuthandiza. Kambiranani za kemo ina, kuwotcha kochepetsa ululu, ndi mofini wa madzi womwa maola 4 alionse.

Amene wasiya mankhwala, kaya atha bwino kapena aimitsidwa, asataye khadi lija. Maselo a T amakhala omasuka nthawi yaitali mankhwala atatha m'magazi, ndipo matumbo, mapapo kapena chithokomiro zingathe kutupa patapita miyezi yambiri. Azilionetsa pa kiliniki iliyonse kwa chaka chathunthu kuchokera pa diripi yomaliza, ndipo TSH, shuga ndi magazi a chiwindi zizipimidwa miyezi itatu iliyonse m'chaka chimenecho.